Zala Zinayi M'chiuno mwa Taye

Kwathu ku Ila sitinena kuti mwana wa mapasa wamwalira. Timati wapita ku Lagos kukagula nsalu. Akulu amatero, ana amatero, ngakhale amene anakumba manda ndi manja awo amatero. Ndiye Kehinde, mwana wamwamuna wa Wosilatu, atatentha thupi masiku atatu n'kupita, anthu onse a pabwalo anamuuza mlongo wake Taye mawu omwewo. Taye anali ndi zaka zinayi, ndipo anawakhulupirira.

Chibadwire, mapasawo ankadyera mbale imodzi. Tsopano mayi wawo Wosilatu akaika nyemba za mafuta ofiira pamphasa, chakudya chimene mapasa onse a dziko lino amachifera, Taye ankangozikankhira uko ndi kuseri kwa dzanja.

"Ndidya Kehinde akabwera."

"Iye wadya kale kumeneko, mwanawe. Tadya."

"Mwadziwa bwanji? Munapitako?"

Chimene chinkalowa m'mimba mwake ndi madzi ndi timasipuni tiwiri ta phala, nato tomukakamiza atamutsina mphuno. Tsiku lonse ankakhala pakhomo la mpanda maso ali kumsewu, ndipo lole ikaliza hutala ankadzambatuka n'kuwerenga ndi maso aliyense wotsika. Mikanda ya m'chiuno mwake, imene mwezi wathawo inkamuthina, inayamba kutsetserekera m'ntchafu. Wosilatu anaifupikitsa kamodzi, patapita masiku anayi anaifupikitsanso, ndipo ulendo wachiwiriwo ulusi unakana kulowa m'mkanda.

Panalibe munthu wofunika kumufotokozera. Mapasa moyo wawo ndi umodzi, wopita amakoka wotsala. Mankhwala ake timawadziwa kuyambira kale: umasemetsa kachidole ka mtengo, n'kumakasambitsa, kukaveka, kukapaka nyemba pakamwa, kuti wa ku Lagos akhale ndi malo ake pakhomo, asiye kuitana mnzake. Wosilatu anali atalankhula kale ndi wosema. Koma panali Busari, mwamuna wake, telala wa pamsika, amene anali atangoyamba kumene kupemphera kasanu patsiku. Mukudziwa mmene amachitira munthu amene chipembedzo wachigwira ali ndi ndevu kale, amafuna ngakhale nkhuku za pabwalo zidziwe.

"M'nyumba mwanga simulowa fano," anatero Busari.

"Si fano, bambo a Taye. Ndi mwana wanu."

"Mwana wanga ali m'manja mwa Mulungu. Sali m'chipika cha mtengo."

"Ndiye mukufuna winayu akakhalenso m'manja momwemo? Tamuyang'anani! Musayang'ane ine, muyang'aneni iyeyo!"

Busari anayang'anadi kukhomo la mpanda, kumene kakhosi ka Taye kankaoneka ngati phesi. Nayenso anali ndi maso. M'mawa mwake, akutsuka m'kamwa, analankhula moyang'ana kumbali.

"Pitani naye kwa Oyelami. Ndamva kuti amatha kujambula mwana mmodzi n'kutulutsa awiri. Chithunzi si fano. Ngakhale opita ku Maka amajambulitsa."

Wosilatu sanafunse kuti pepala ndi mtengo zikusiyana pati. Mwamuna akapeza kakhomo kotulukira osataya ulemu, sumutsekera. Anamanga zovala za Kehinde m'kampango, zimene sanazichape chichokereni mwini wake, nabereka Taye.

Masiku amenewo wojambula zithunzi mu Ila monse anali Oyelami yekha. Anaphunzira ntchitoyo ku Ibadan, ndipo sankalola kuti munthu aiwale zimenezo. Anali wamtali, woonda, zikhadabo zake zitada ndi mankhwala otsukira zithunzi. Kuseri kwa kasitolo kake kunali bwalo la dzuwa, nsalu ya mizeremizere itapachikidwa pakhoma, mphasa pansi, ndi bokosi lake la miyendo itatu lokhala ndi diso limodzi.

"Mayi wa mapasa, takulandirani! Khalani pansi, mtima uzikhala m'malo. Nkhani yake ndi yophweka kwa ife amene tinaona dziko. Mwana mmodzi, magalasi awiri, pepala limodzi. Poyamba akhala kumanzere atavala zake. Kenako akhala kumanja atavala za mnzake. Ndikatsuka mudzawapeza ali limodzi pamphasa ngati sanasiyanepo. Za wa ku Lagos mwatenga?"

"Ndatenga."

"Chabwino. Koma lamulo ndi limodzi. Ndikachotsa chivindikiro pa diso la bokosili, mwana asagwedezeke mpaka ndiwerenge kasanu. Bokosi langa ndi nkhalamba, silithamangitsa munthu."

Anamukhazika Taye kumanzere kwa mphasa, namuwongola kadilesi, n'kulowetsa mutu wake m'nsalu yakuda ya kuseri kwa bokosi, matako ali kunja ngati nkhuku yobisala m'thengo. Anatulukamo, nalowetsa galasi logwira chithunzi, nagwira chivindikiro. Oyelami ankawerenga atatsinzina, akuti akatswiri a ku Ibadan amatero.

"Modzi. Wiri. Tatu."

Kumsewu lole inaliza hutala. Wosilatu anaimva, koma anali atawerama akulimbana ndi mfundo ya kampango kaja, imene anaimanga yekha molimba kwambiri.

"Nayi. Sanu. Basi, wagwidwa! Tiyeni naye winayo."

Anamuvula Taye kadilesi, namuveka malaya ndi kabudula za Kehinde, n'kupindira timalukidwe ta tsitsi lake m'kachipewa kamene Busari anasoka yekha. Taye anakokera khosi la malayawo kumphuno, nanunkhiza kwanthawi.

"Muli Kehinde umu," anatero.

Atamukhazika kumanja kwa mphasa sanafunikenso womuuza kuti akhale bata. Anangoti duu, manja pamawondo. Wosilatu anadzutsa maso. Anali Kehinde amene wakhala apo, mpaka kakhutu kamene kankapindika pansi pa chipewa. Anafuna kuthamanga akamunyamule, ndipo nthawi yomweyo anafuna kuthawa. Oyelami naye nthabwala zinamuthera, anawerenga kasanu kake motsitsa mawu, maso ali otsegula.

Kumuvula zovalazo inali nkhondo. Taye anakakamira malaya ndi manja ndi mano, ndipo Wosilatu anachita kumukwatula, chifukwa si bwino wamoyo kuchedwa m'zovala za wopita. Mwanayo analira kumsana njira yonse, kulira kopanda mphamvu kumene kunamuopsa mayi wake kuposa kukuwa.

Oyelami anati abwere pakapita masiku atatu. M'masiku atatuwo Taye anasiya kuima pakhomo la mpanda. Ankangogona pomwepo pamphasa, hutala ikalira n'kudzutsa mutu wokha. Amayi a pabwalo akamadutsa ankamulonjera Wosilatu mwachifatse chopitirira muyeso, ndipo iye ankadana nacho chifatse chimenecho, chifukwa anali atachimva kale masiku a Kehinde.

Tsiku lachitatu linali la msika. Anafika kwa Oyelami dzuwa lisanakwere, Taye ali kumsana, wopepuka ngati mtolo wa masamba ouma. Anamupeza wojambulayo akupukuta benchi imene inalibe fumbi.

"Mwalawirira, mayi wa mapasa. Bambo a kunyumba ali bwanji? Makina awo aja akusokabe?"

"Chithunzi."

"Chatuluka, koma pali kanthu kakang'ono. Kakang'ono zedi, ku Ibadan sitikawerengera n'komwe."

"Ndipatseni."

Anachitulutsa m'kabati mozengereza. Kumanja kunali Kehinde, woonekera bwino moti munthu akanatha kuwerenga ulusi wa pachipewa. Maso ake anali gwa, amoyo. Kumanzere kunali kadilesi ka Taye, timapazi ta Taye, timanja ta Taye. Koma pamwamba pa khosi panalibe nkhope. Panali utsi chabe, ndipo m'utsimo munkaoneka ngati nkhope imene ikutembenukira kumanja, kwa mlongo wake.

Wosilatu anapisa dzanja kumsana kukhudza mwendo wa mwana, kuti atsimikize kuti ulipo.

"Akumuitana," ananong'ona. "Ndipo iye wavomera."

"Ayi, ayi, mayi, musatero! Palibe woitana apa. Mwana wangosuntha mutu, basi. Galasi limagwira chimene chakhala bata, choyenda limachipaka ngati makala. Ngakhale mbuzi ikagwedeza mchira imatuluka yopanda mchira."

"Wamusuntha ndani?"

"Ndikuganiza kuti ndi lole ija. Inalira ndili pa tatu, msewu uli mbali imeneyo."

"Eya. Lole ya ku Lagos."

Oyelami anayang'ana kumwamba. Maphunziro a ku Ibadan analibe yankho la zimenezo.

"Tijambula galasi lina pompano, dzuwa lilipo," anatero. "La Kehinde lili bwino, sitilikhudza. Loipali ndiliswa, pepalali ndiling'amba."

"Muswe mwana wanga? Mwapenga kodi?"

"Ndi galasi chabe, mayi."

"Ngati ndi galasi chabe, ndadzeranji kuno? Musaswe, musang'ambe. Muziike moyang'ana kukhoma mpaka chabwino chituluke."

Anachita momwemo. Koma atamukhazika Taye pamphasa, mwanayo anapendekeka ngati thumba losadzaza, ndipo kumsewu malole a tsiku la msika ankangotsatana. Oyelami anakanda m'mutu, kenako analowa m'sitolo n'kutuluka ndi nsalu ina ya mizeremizere, yofanana ndi ya pakhoma ija.

"Makanda a makalaliki ndimawajambula chonchi. Inu mukhala pansi, ine ndikufunditsani nsaluyi, mwana akhala pamiyendo panu, mumugwira m'chiuno mkati mwa nsalu. Pachithunzi mudzangooneka ngati mpando."

"Mundifunditse kumutu mpaka kumapazi ndili moyo? Nsalu imeneyo ndaiona posachedwa, Oyelami."

"Nanga mukufuna muoneke? Mapasa sakhala atatu."

Wosilatu anayang'ana nsaluyo, nayang'ana mwana wake amene mutu unali utagwera paphewa. Anakhala pansi, napinda miyendo.

M'kati mwa nsalu munali mdima ndi kutentha, ndi fungo la fumbi ndi mafuta a m'tsitsi la amayi ena amene anakhalamo iye asanabwere. Sankaona kanthu. Anangomva Oyelami akumuika Taye pamiyendo pake, ndipo manja ake anapeza chiuno cha mwanayo, ndi mikanda ija imene inali itayambanso kukhwepa. Pansi pa zala zake panali nthiti, iliyonse payokha, ndipo kuseri kwa nthitizo kamtima kankagunda msangamsanga ngati ka mwanapiye. Anachita mantha kugwira molimba, anachitanso mantha kugwira mofewa.

Anamva galasi likulowa m'bokosi. Kenako anamva chinthu china. Kumunsi kwa chitunda lole inali kukwera, ikubuula, ikusintha magiya. Malole onse amaliza hutala akafika pokhota pa mzikiti, ndipo iyi inali pafupi kufika. Taye naye anali ataimva. Msana wake unalimba, khosi linayamba kupotokera kumsewu.

"Ndikuchotsa chivindikiro," anatero Oyelami. "Ndatsala ndi galasi limodzi lokhali, ena abwera sabata ya mawa."

Sabata ya mawa. Wosilatu anadziwa bwino lomwe kuti nthiti zimene anagwirazo sizingadikire sabata. Anaika pakamwa pake kuseri kwa khutu la mwanayo, nsalu ili pakati pawo.

"Taye. Usayang'ane kumsewu. Kehinde sabwera pa lole."

Mwanayo anaumiratu thupi lonse.

"Adzera m'bokosimo. Waliona diso lija? Yang'anitsitsa pamenepo. Ukangocheuka umuphonya."

"Modzi," anatero Oyelami. "Wiri."

Hutala inalira, yaitali, ngati woyendetsayo anachita kutumidwa. Wosilatu anatsinzina mumdimamo, naluma mlomo, nagwira.

"Tatu. Nayi."

Khosi silinasunthe.

"Sanu."

Atamuvundukula, thukuta linali litamunyowetsa mpaka m'chiuno. Taye anali akuyang'anabe diso la bokosi, osaphethira, misozi ikutsika yokha chifukwa cha dzuwa.

"Sanatuluke," anatero.

"Akuvala nsapato. Atuluka mkuja."

Panjira yobwerera Wosilatu mtima unkamuwawa. Bodza la ku Lagos ndi la tonse, ndipo likalephera palibe woloza chala. Koma la m'bokosi linali lake yekha. Ndipo panali china chimene chinkamudya. Taye anali mwana wochenjera. Bwanji akadzaona chithunzicho n'kunena kuti uyu ndine, ndi ine ndinavala chipewachi? Pamenepo sipakanatsala lole, sipakanatsala bokosi, sipakanatsala chilichonse chomudikiritsa.

Mkuja utakwana anapita yekha, Taye atamusiya ndi mayi woyandikana naye. Ulendo uno Oyelami sanapukute benchi. Anachigwira chithunzicho ndi manja awiri, atachiika kale m'felemu. Ana awiri anali pamphasa imodzi, mapewa atatsala pang'ono kukhudzana. Nkhope ya Taye inalipo yonse, maso aakulu akuyang'ana molunjika, ngati ofuna kuboola pepala. Kumbuyo kwake nsalu inali itatumphuka pang'ono.

"Pali kanthu kamodzi," anatero Oyelami.

"Kanthu kenanso?"

"Ayi, aka si koopsa. Taonani apa."

M'chiuno mwa Taye, pamene nsalu inapindika, panatulukira zala zinayi, zitakanikiza kadilesi mpaka kukwinyika.

"Munagwira kwambiri, nsalu inathawa. Ndikhoza kuzidetsa ndi pensulo pagalasi, palibe angadziwe. Anzanga a ku Ibadan ataona zimenezi angandiseke."

"Zisiyeni. Wa ku Lagos aone kuti uyu ali ndi womugwira."

Kunyumba anapeza Busari ali pakhonde masanasana, nthawi imene amakhala pamakina ake kumsika. Anati waiwala lumo. Lumolo linali m'thumba la malaya ake, likuonekera, koma Wosilatu sanamuyalutse. Anayala mphasa m'chipinda, natsamiritsa chithunzi kukhoma, naika mbale ya nyemba za mafuta ofiira patsogolo pake. Kenako ananyamula Taye n'kumukhazika pamiyendo pake, moyang'anana nacho.

Taye anayang'ana nthawi yaitali. Busari anaima pakhomo. Mwanayo anatambasula kachala n'kukhudza kumanja kwa galasi.

"Chipewa wavala mopotoka," anatero. "Ngati masiku onse."

Wosilatu anatulutsa mpweya umene anausunga kuchokera kwa Oyelami.

"Nanga nsalu ili kuti? Wabwera chimanjamanja?" anafunsa Taye.

Anayankha ndi Busari, mawu atasasa.

"Nsalu zadula ku Lagos chaka chino, mwanangu. Ndamuuza kuti angobwerako."

Taye anagwedeza mutu, zinamveka. Wosilatu anakankhira mbale pafupi, pang'onopang'ono, ngati wonyengerera mbalame. Koma kachala kaja kanali katasamukira kumanzere, pa chiuno cha kadilesi.

"Dzanja ili ndi la ndani?"

"Ndi langa. Ndinakugwira kuti usagwe."

Taye anayang'ana zala zinayizo, nayang'ana m'chiuno mwa Kehinde, mmene munalibe kanthu. Anatembenuka n'kumuyang'ana mayi wake kumaso, osati mokwiya, koma mongofuna kudziwa.

"Nanga Kehinde simunamugwire bwanji?"

Funso limenelo Wosilatu anali akudzifunsa yekha masabata atatu, potunga madzi, posinja tsabola, popita ndi pobwera, ndipo panalibe munthu wamkulu amene analimba mtima kulinena. Misozi inalengeza. Pakhomo Busari anavula chipewa n'kudziphimba nacho kumaso.

Wosilatu anangotambasula dzanja lamanja n'kuika zala zake pagalasi, m'chiuno mwa mwana wa chipewa chopotoka.

"Ndamugwira," anatero.

Taye anayang'anitsitsa kuti aone ngati zafika pamalo pake. Kenako anapisa m'mbale, natola nyemba imodzi, naikanikiza pakamwa pa Kehinde mpaka mafuta ofiira anatsika pagalasi. Anatola ina, naiika m'kamwa mwake, natafuna.

Wosilatu anafuna kupukuta misozi imene inkamutseka maso, nachotsa dzanja. Nthawi yomweyo nsagwada za mwanayo zinaima. Analibwezera msanga pamalo pomwepo, ndipo Taye anameza, napisanso m'mbale.

Mbaleyo inali yodzaza, ya ana awiri, ndipo Taye ankadya nyemba imodziimodzi, iliyonse atayamba wamupatsa mnzake. Phewa la Wosilatu linayamba kuwawa, kenako mkono wonse unachita dzanzi mpaka zala osazimvanso. Sanalichotse dzanjalo.